Ndodo ya Mkungudza m'Chikwama cha Abwana

Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma kuwerenga mpaka khumi ndi zinayi ndimatha bwinobwino. Chimene sindinkadziwa n'choti kunja kuno kuli anthu anakhala pansi, mataye ali m'khosi, n'kugwirizana kuti munthu womenya kampira koyera ka gofu kaja asanyamule ndodo zopitirira khumi ndi zinayi. Lamulo limeneli ndinalidziwa tsiku limene linatsala pang'ono kutitulutsa m'nyumba ya kampani, ine, bambo akunyumba ndi ana athu asanu.

Zinali zaka zoyambirira za matipate. Nthawi imeneyo bambo anali atangosiya ntchito ya kuphiri la Mulanje. Kwa zaka zambiri ankanyamula katundu wa alendo kuchokera pa Likhubula kukwera naye ku Chambe, ndipo ntchito imeneyo ndi yoyendera nyengo. Mvula ikayamba alendo amasowa, inu n'kumangoyang'ana phiri ngati likupatsani ndiwo. Tinkakhala m'kanyumba kodontha, koti usiku wamvula ana ankagona chokhala. Tsiku lina abwana ena a ku esiteti ya tiyi, Mmalawi mnzathu amene anali atangokwezedwa kukhala manijala wa minda, anakwera phiri ndi alendo awo. Anaona mmene bambo ankayendera ndi katundu wa anthu awiri pamutu, osadandaula, ndipo potsika anati, "Munthu uyu ndikumufuna."

Ntchito yake inali yotchetcha kapinga pabwalo la gofu mkati mwa sabata, Loweruka n'kunyamula chikwama cha ndodo za abwana. Ntchitoyo inabwera ndi nyumba kumalaini a antchito: zipinda ziwiri, malata, pansi pa simenti, mpopi uli pafupi, sukulu ana akuyenda osawoloka mtsinje. Tsiku lolowa ndinagwada pakati pa chipinda n'kulira. Koma nyumba ya kampani aliyense amaidziwa khalidwe lake. Ntchito ikatha m'mawa, madzulo kapitawo amabwera ndi loko wake.

Za gofu bambo anayesetsa kundifotokozera. Anati pali maenje khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo munthu amamenya kampira mpaka kalowe m'dzenje lililonse, akuwerenga kuti wamenya kangati.

"Ndiye wopambana ndi amene wamenya kambiri?" ndinafunsa.

"Ayi, mayi. Amene wamenya kochepa."

"Ndiye ine amene sindinamenyepo n'kamodzi komwe, chikho changa chili kuti?"

Anandiuzanso kuti ndodo iliyonse ili ndi ntchito yake. Ina ya patali, ina ya pamchenga, ina ya mu udzu, ina yongokankhira. Ine ndinaganiza za munda wa mayi anga ku Limbuli, umene ndinkaulima ndi khasu limodzi. Kugalauza ndi lomwelo, kupalira lomwelo, kukumba chinangwa lomwelo, njoka ikabwera lomwelonso. Koma sindinanyoze. Mulungu anatipatsa nzeru zosiyana, ndipo ngati anthu ophunzira asankha kuthamangitsa kampira padzuwa kuti ana anga agone pouma, ine ndine ndani kuti nditsutse?

Kale ku kalabu ya gofuyo kunkasewera azungu okhaokha. Zinthu zitasintha, mabwana akuda analowa, ndipo analowa ndi changu cha munthu wotembenuka mtima kumene. Malamulo a gofu ankawaloweza kuposa katekisimu. Abwana athu anali ndi mnzawo wolimbana naye, manijala wa fakitale. Anthu ankati awiriwa anaphunzira sukulu imodzi, onse opanda nsapato, koma tsopano ankakangana m'Chingerezi ngati kampira kagwedezeka kokha kapena kagwedezedwa ndi mphepo.

Ine mtima wanga unali pa kuthokoza. Munthu wakuchotsa m'nyumba yodontha umamuthokoza ndi chiyani? Nkhuku? Kwawo kunali firiji yodzaza. Kalongonda? Ndinkaopa kuti akazi awo atiseka. Kenako ndinaganiza kuti chimene abwana amachikonda kuposa zonse ndi ndodo zija, ndiye bwanji osawawonjezera ina? Achimwene anga amasema pa Likhubula, mabokosi ndi ndodo zoyendera za mkungudza zogulitsa kwa alendo. Ndinapita kukawaona, n'kuwajambulira pansi ndi chala mmene ndodo ya gofu imaonekera.

"Achemwali, anthu amenewa akusowa chochita eti?" anatero achimwene. "Mutu wake ukhale ngati wa bakha chonchi?"

"Chonchodi. Koma musemere bwino, ndi ya abwana."

"Ine sindisema zoipa. Akaimenyera imeneyi, zachitsulozo azitaya."

Anasema ndithu chinthu chokongola, chosalala, chokhala ndi timizere kumutu ngati zinzake. Popeza ndinaona kuti ndodo zina za abwana zimavala tizipewa kumutu ngati makanda, nanenso ndinaluka kachipewa ndi ulusi wobiriwira wotsala pa juzi ya mwana wathu wachiwiri. Ndinabisa ndodoyo kuseri kwa thumba la chimanga, kudikira mpata.

Mpata unabwera sabata ya chikho cha pachaka. Lachinayi lamba wa chikwama anaduka, ndipo abwana anauza bambo kuti apite nacho kunyumba ndikasoke. Ndinasoka ndi singano yosokera matumba. Lachisanu bambo anatsuka ndodo zonse, n'kuziyala pamphasa, n'kuziwerenga mokweza kawiri ngati mphunzitsi akuitana mayina. Fotini. Sindinafunse chifukwa chowerengera. Ndinkayesa akuopa kuti ana abapo ina.

Apa ndifotokoze mmene ndinaleredwera. Mayi anga anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mtsikana, ndipo anatiphunzitsa kuti chotengera cha mwini sichibwerera chopanda kanthu. Mnzako akakutumizira ndiwo m'mbale, pobweza umaikamo nandolo, kaya timbatata, ngakhale kamchere. Ndipo mphatso siilengezedwa. Umaiphimba, mwini wake akaipeze yekha kwawo, kuti asavutike kukuthokoza pamaso. Ndiye chikwama chachikulu ngati chimenecho, cha munthu amene anatipatsa denga, chigone m'nyumba mwanga masiku awiri n'kubwerera mmene chinabwerera? Loweruka m'mawa bambo atapita kukasamba, ndinalowetsa ndodo yanga pakati pa zinzake, kachipewa kali kumutu. M'thumba la m'mbali ndinaikamo nthochi. Ndinasanjika manja pachikwamacho n'kupemphera kuti abwana apambane.

Bambo anachinyamula osamva kusiyana. Munthu amene anakwezapo katundu wa anthu awiri ku Chambe sangamve kulemera kwa ndodo imodzi.

Zimene zinachitika pabwalo anandiuza pambuyo pake. Akuti tsiku limenelo abwana anasewera ngati sanasewerepo. Nthochi anazipeza pa dzenje lachinayi, anadya osafunsa kuti zachokera kuti, chifukwa nthochi zilibe lamulo. Pomaliza anaposa abwana a fakitale ndi ziwiri. Anthu anawagwira chanza, chikho chili patebulo chikupukutidwa. Bambo anatsamiritsa chikwama pakhonde la kalabu. Dzuwa linali litachiwomba tsiku lonse, ndipo amene amaudziwa mkungudza akudziwa kuti ukatenthedwa sukhala chete. Abwana a fakitale podutsa anaima, n'kununkhiza.

"Chikununkhira ngati bokosi la zovala n'chiyani?"

Anayang'ana chikwama chija, n'kuyamba kuloza mitu ya ndodo ndi chala. Atafika pa fifitini anabwereza, mokweza, kuti amene anali mkati amve. Kenako anavula kachipewa kobiriwira.

Lamulo limati wonyamula ndodo yowonjezera tsiku lonse amamuwonjezera zinayi pa zimene wamenya, ngakhale sanaigwire. Abwana anapambana ndi ziwiri. Masamu amenewo ngakhale ine wa sitandade sikisi ndikuwatha. Akuti abwana anayandikira bambo n'kunena motsitsa mawu, "Chikho chimenechi chikapita, Lolemba ubweze makiyi." Bambo analumbira kuti anawerenga kawiri. Kenako anayang'anitsitsa ulusi wa kachipewa kaja, n'kukumbukira juzi ya mwana wawo.

Ine ndinali pampopi ndikuchapa pamene galimoto ya kampani inaima. Dalaivala anati, "Mayi, akukufunani ku kalabu, mubwere mmene mulilimo." Kanali koyamba kukwera kutsogolo kwa galimoto, ndipo ndinakwera ndi chitenje chonyowa, thovu lili m'mikono. Ndinkayesa bambo alumidwa ndi njoka. Njira yonse ndinkangoti, "Ambuye, musandisiye ndi ana."

Anandilowetsa cha kuseri, kudutsa kukhitchini, mpaka pakhonde. Patebulo lalitali panakhala amuna asanu a komiti. Pakati pa tebulo, pansalu yoyera, panali ndodo yanga, itagonekedwa ngati mpeni umene wapezeka pamalo a ngozi. Bambo anaima pafupi ndi nsanamira, chipewa chili m'manja, osandiyang'ana. Wapampando anali mzungu wokalamba amene anakhala zaka zambiri m'minda ya tiyi, Chichewa ankachilankhula ngati mwana wa kumalaini. Analamula kuti poti pabwera mayi, onse alankhule Chichewa. Ndinaona mabwana ena akuvutika kuchikumbukira.

Nkhani inali yoti chinthu chili patebulocho ndi ndodo ya gofu kapena ayi. Ikakhala ya gofu, chikho chipita kufakitale. Ikakhala kamtengo chabe, chikhala kwa abwana athu.

"Ili ndi mutu, ili ndi chogwirira, ili ndi timizere," anatero abwana a fakitale. "Yavala ndi chipewa chomwe. Mukufunanso ionetse chiphaso?"

Wina wa komiti anatsegula buku la malamulo, lonenepa kuposa langa la nyimbo, n'kumatembenuza masamba akunyambita chala. Wina anati masiku ano ndi a demokalase, angovota basi. Wina anati malamulo amenewa anachokera kutsidya kwa nyanja, savoteredwa ku Mulanje. Wina, wofuna kuoneka wochenjera, anafunsa ngati mtengo umene anasemera ndodoyo unadulidwa ndi chilolezo. Apo onse anayang'ana kumbali, chifukwa tebulo limene anatsamirapo linali la mkungudza, zitseko nazonso, ndipo palibe anafuna kuti funso limenelo likule.

Kenako wapampando anatembenukira kwa ine. "Mayi, musaope. Chinthu ichi munaika ndinu?"

"Ndine, bwana."

"Chifukwa chiyani?"

"Kuthokoza, bwana. Abwanawa anatichitira zazikulu."

Ndinamva wina akuseka chapansipansi. Abwana athu anayang'ana kudenga ngati munthu amene wapondedwa chala ndi mwana wake yemwe.

"Wosema munamuuza kuti aseme chiyani?"

Apa ndi pamene ndinazindikira pamene ndaima. Ndinayang'ana bambo. Ndinapemphera kapemphero kakafupi, ka mawu atatu, kenako ndinati, "Ndinawauza kuti aseme ngati zinazo."

Abwana a fakitale anawomba m'manja kamodzi n'kukhala pansi, miyendo atapingasa. Ine ndinaona loko wa kapitawo m'maso mwanga.

Pamenepo abwana athu anaimirira pang'onopang'ono, atagwira m'mphepete mwa tebulo. Anati, "Akuluakulu, mayiwa anena zoona monga mmene akuzidziwira. Koma pali chinthu chimene ndakhala ndikubisa, ndipo lero mwandikakamiza kuchiulula. Ine ndili ndi vuto la bondo. Ndinauza wonyamula chikwama wanga kuti andipezere ndodo yoyendera, koma yoti ibisale pakati pa zinzake, anthu asamandimvere chisoni. Imeneyi ndi ndodo yoyendera." Atatero anagwira bondo n'kukhala pansi akubuula.

"Bondo lanji loyenda maenje eyitini osatsimphina?" anafunsa a fakitale.

"Ndimapirira, achimwene. Si onse timalengeza matenda athu."

"Dzulo lomweli munkathamangitsa mathirakitala kumunda."

"Ndi usiku wake sindinagone."

Wapampando anafunsa bambo ngati zinali zoona. Bambo anayankha akuyang'ana nsapato zawo kuti inde, n'zoona. Kenako mkulu uja anabwerera kwa ine. Maso ake anali ofiira ndi ukalamba koma ankaona patali. "Mayi, muli ndi chowonjezera?"

Ndinali nacho. Ndinkadziwa kuti bambo sanatumidwe ndodo iliyonse, kuti ndodoyo sanaione n'komwe mpaka tsiku limenelo, kuti bondo la abwana linali lolimba ngati la mwana wa mbuzi. Ndine mayi wa mpingo, Lachinayi lililonse ndimavala yunifolomu n'kukaphunzitsa anzanga kuti inde wanu akhale inde. Koma kiyi wa nyumba anali womangidwa pakona ya chitenje changa, ndipo ndinkamumva akundigunda pantchafu.

"Ndilibe, bwana," ndinatero.

Anavota. Atatu anati ndi yoyendera, awiri anati ndi ya gofu. Wapampando polengeza anawonjezera mawu amene abwana athu, ndikhulupirira, sanawaiwale moyo wawo wonse. Anati, "Komiti yavomereza kuti ndi ndodo yoyendera. Ndipo poti bondo si chinthu chosewera nacho, tikuyembekeza kukuonani mukuigwiritsa ntchito. Musaibisenso. Pano tonse ndife abale."

Abwana anakalandira chikho akutsimphina, ndodo ya achimwene ataitembenuza, mutu wa bakha uli m'manja. Anthu anawomba m'manja kwambiri, ena akunena kuti munthu wopambana ndi bondo lotere ndi ngwazi.

Kunyumba bambo sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Anangokhala pakhonde n'kunena kuti, "Mayi, tsiku lina mukafuna kuthokoza munthu, muzindiuza ndiyambe ndasamuka." Tonse tinkadziwa kuti chikho chapulumuka koma ife ayi. Munthu wamkulu amene wachititsidwa manyazi safuna kumaonana tsiku ndi tsiku ndi amene akudziwa chinsinsi chake. Lamulungu kutchalitchi sindinaimbe. Nditabwerako ndinayamba kumanga mabulangete m'mitolo, ana akufunsa kuti tikupita kuti, ine n'kumati tikungowaumitsa.

Lolemba m'mawa uthenga unabwera kuti bambo akuitanidwa kuofesi. Ndinamasula kiyi pachitenje n'kuwapatsa. Anamuika m'thumba la malaya, napita. Ine ndinatseka chitseko, n'kugwada pasimenti, ndipo sindinapemphe zambiri. Ndinangoti, "Atate, ndinalakwa kawiri, poika ndodo ndi pokhala chete. Koma anawa sanaike ndodo."

Bambo anabwera masana, nkhope yosawerengeka. Anakhala pansi, napempha madzi, namwa, kenako anatulutsa kiyi n'kumuika pamwendo panga. Akuti atalowa, abwana anatseka chitseko, natseka ndi zenera lomwe. Kenako anafunsa, "Loweruka lija ndinagwira bondo liti?"

"Lamanzere, bwana."

"Ukutsimikiza?"

"Pa komiti munagwira lamanzere. Koma popita kukalandira chikho munatsimphina lamanja."

Abwana anagwira mutu. "Anaona anthu?"

"A fakitale ankayang'ana chikho, bwana."

"Chabwino. Kuyambira lero ndi lamanzere. Uziyenda kumbuyo kwanga. Ndikasokoneza, kapena ndikaiwala, uzitsokomola." Bambo atafika pachitseko, anawaitananso. "Ndipo ukawauze mayi akunyumba kuti ndathokoza. Ndathokoza kokwanira. Asadzavutikenso."

Umu ndi mmene ntchito ya bambo inakhazikikira kuposa ya wina aliyense pa esiteti ija. Abwana sakanawachotsa, chifukwa panalibe wina woti n'kumuuza ntchito yotsokomolayo. Abwana a fakitale nawo sanaiwale. Loweruka lililonse ankafunsa pagulu, mwachikondi chachikulu, "Bondo lija likupeza bwanji, achimwene?" Ankawatumizira mafuta opaka, ankawasungira mpando pafupi ndi khomo, ndipo pa phwando la Khirisimasi anauza oimba kuti asamuvutitse mnzawoyo ndi zovina. Abwana athu, amene ankadziwika ndi dansi, anakhala pampando phwando lonse, ndodo ili pakati pa miyendo, phazi lamanja lokha likugunda pansi.

Ine nkhaniyi ndinakaiulula kwa abusa, chifukwa inkandilemera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Atapeza mawu anati kukhala chete pamene ukudziwa choona ndi tchimo ndithu, ndisadzinamize, koma Mulungu amadziwa kulemera kwa ana asanu. Anandiuza kuti ndipemphere, ndipo ndinapemphera, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimapempherabe.

Chimene abusa sanandichenjeze n'choti bodza limabala. Patatha miyezi ingapo, anthu a kumalaini anayamba kunong'onezana kuti bambo ali ndi chifuwa. Otchetcha anzawo ankawamva akutsokomola pabwalo Loweruka lililonse, nthawi zina katatu pa dzenje limodzi, makamaka abwana akamenya bwino n'kuiwala kuti ndi odwala. Lachinayi lina amayi anzanga a mpingo anafika pakhomo, khumi ndi awiri, mayunifolomu ali mbee, atanyamula ufa ndi mandimu. Amayi otsogolera anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amwali, musabise matenda ngati abwana anu. Tabwera kudzapempherera chifuwa cha bambo."

Bambo anali kuseri akuwaza nkhuni, chikuni chilichonse kuchimenya kamodzi kokha n'kung'ambika. Ndinawaitana, n'kuwanong'oneza pachitseko kuti asiye nkhwangwa, alowe pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, nayang'ana amayi aja atadzaza zipinda zonse ziwiri mpaka pakhonde, ndipo anakhala pampando pakati pawo ngati munthu woweruzidwa. Tinaimba nyimbo ziwiri. Amayi anapempherera chifuwa, napempherera ndi bondo la abwana lomwe, kuti Ambuye awachiritse onse awiri pamodzi, zimene ndinavomereza ndi mtima wonse. Mandimu aja bambo anamwa sabata yathunthu, chifukwa mayi wa nyumba yoyandikana nafe ankabwera m'mawa uliwonse kudzaonetsetsa.

Abwana anatsimphina zaka zonse zimene anakhala pa esiteti ija, ndipo bambo anatsokomola zaka zomwezo. Ana athu onse asanu anamaliza pulayimale akuchokera m'nyumba imeneyo, atatu anapitirira ku sekondale. Tinatulukamo bambo atapuma ntchito chifukwa cha ukalamba, tsiku limene tinasankha tokha, katundu atakwera thirakitala ya kampani masanasana, aneba akutithandiza kunyamula.